Malo Amene Yeabu Adasenza Pamutu

“Malo onse amene mlamu wanga adzalande kunyanja kuseri kwa nyumba ino ndi a mwana ali kumbuyoyu. Ine ndangobwereketsa dzanja.”

Adanena mawu amenewa ndi Santigie, zaka zoposa makumi awiri zapitazo, mng'ono wake Sorie atangomira ndi bwato. M'manja adali ndi mtedza wa kola wokulunga m'tsamba, akupita nawo kwa akuluakulu a padoko kukapempha chilolezo m'dzina la Yeabu, wamasiye wa Sorie. Mbalu, mlongo wawo wotsiriza, adali pomwepo tsikulo. Tsopano, imvi zitamugwira m'mbali mwa mutu, Mbalu adawabwereza mawuwo osasiyapo ngakhale limodzi, ataima pakati pa bwalo, chala chikuloza mulu wa njerwa za simenti zimene lole idatsitsa m'mawawo pa malo omwewo.

Santigie sadasiye kudya. Adakanda mpunga ndi chigwada m'mbale, nachotsa munga wa nsomba m'kamwa mosafulumira, n'kuuika m'mbali mwa mphasa.

“Mwamaliza, aphunzitsi?” adatero. “Sutikesi simunamasule n'komwe, mwayamba kale kutiphunzitsa. Njerwazo ndangoziika pang'ono chabe.”

“Pang'ono chabe,” adatero Mbalu. “Mchenga uwo mudangouika pang'ono chabe. Miyala iyo pang'ono chabe. Bwato lanu lobowokalo lamera udzu m'mimba, achimwene, nkhuku zaswamo ana ndi zidzukulu, koma nalonso lili pang'ono chabe. Ndayenda ndekha kuseriko. Yeabu watsala ndi pati? Poti munthu n'kuyanika chitenje palibe.”

“Wadandaula iyeyo?”

“Ndikudandaula ndine.”

“Iwe ndiwe ndani pakhomo pano?”

Apo Santigie adakankha mbale. Ulemu wonyoza uja adausiya, nayamba kumukumbutsa mlongo wakeyo zimene adazisunga kukhosi kwa zaka. Mayi awo atamwalira, Mbalu adalira pafoni, manda adakumba ndi ena. Denga la nyumbayo lidasasuka kawiri ndi mphepo iye ali kwa azungu akumwa tiyi. Wamasiye amene akumunenerayo, ndani adamusunga abale ake atakana kumutenga? Ndani adamupatsa chipinda? Mbalu adayankha kuti chipindacho chidali cha Sorie, kotero palibe chimene adapatsidwa, ndipo kuti kusunga munthu sikuchita kumuwerengera chaka chilichonse ngati mbuzi. Mkazi wa Santigie, amene ankasenda chinangwa pafupi, adanyamula dengu lake n'kulowa m'nyumba. Santigie adasamba m'manja, nadzuka, n'kunena kuti nthawi ya mapemphero yakwana ndipo iye sakangana ndi mlendo.

Mbalu adatulukira kuseri mtima ukuwira. Zaka zonse zimene adakhala ku Mangalande, akuphunzitsa Chingerezi anthu obwera kumene m'kachipinda kozizira ka pamwamba pa sitolo, mudziwu ankauona monga adausiyira. Ankaona mitengo ya m'matope yobiriwira mpaka pamene maso athera, mchenga woyera, ndi anthu oti akaswa kola pa nkhani ndiye kuti nkhaniyo yatha. Adabwera n'kupeza mitengo ija idathera m'ng'anjo zowambira nsomba, mchenga adaugulitsa kwa omanga nyumba m'tauni, gombe lavala majumbo. Chilichonse chimene ankachisowa chidali chitachepa kapena kutha. Chinthu chimodzi chokha chidali chitakula, ndicho malo a Yeabu.

Iye akuchoka, kuseriko kudali matope okhaokha, ndipo madzi akadzaza ankanyambita khoma la khitchini. Yeabu ankadikira kuti madzi aphwe, n'kukhoma zikhomo m'matopemo, n'kumangirira matayala akale ndi maukonde ong'ambika. Kenako ankayamba kutsanulira mkati zigoba za nkhono, phulusa, mamba a nsomba, dothi la kumtunda, dengu ndi dengu, pamutu. Dzinja lililonse nyanja inkabwera kudzatenga gawo lake. Chilimwe chilichonse iye ankabwezera n'kukankhira zikhomo patsogolo. Tsitsi la paliwombo lidatha, khosi lidalowa m'mapewa. Tsopano padali nthaka youma yoti munthu n'kumangapo nyumba, chisakasa chowambira nsomba kumapeto, ndi mitengo ya kokonati yobala kale.

Adamupeza m'chisakasamo akutembenuza nsomba pa waya, maso ali ofiira ndi utsi. Mwana wake Fudia, yemwe uja adali kumbuyo tsiku la lonjezo, ankasonkhezera moto. Ukwati wake udali woti uchitike dzinja likatha. Mwamunayo adali msodzi wa m'bwato la eni, wopanda malo, ndipo awiriwo adapangana zomanga zipinda ziwiri pafupi ndi mitengo ya kokonati ija. Malata ankagula limodzilimodzi n'kumawasunga kuseri kwa chisakasa.

“Tamva zonse, alamu,” adatero Yeabu osacheuka. “Musamakalipe ndi dzuwa ili, mudwala mutu.”

Mbalu adafunsa kuti zinthu zidafika bwanji pamenepa iye akungoyang'ana. Yeabu adapukuta manja pachitenje, nakhala pa chigubu chogudubuzika.

“Chidayamba ndi ukonde umodzi. Adati auyanike pa mphanda zanga tsiku limodzi, poti kutsogoloku mbuzi zimadya zingwe. Tsono mlamu wako wamkulu ungamukanize poyanika ukonde? Anthu angati chiyani? Ukonde udaitana bwato. Bwato lidaitana migolo ya mafuta. Chaka china mchenga, chaka china miyala. Palibe tsiku limene adapempha chinthu chachikulu choti munthu n'kuima n'kunena kuti ayi. Ndikati ndikane lero, ndimaona kuti ndikukana mulu umodzi wa mchenga, ndiye manyazi amandigwira ineyo.”

“Ine ndimati tsiku lina tidzadzuka n'kupeza bambo aakulu atiika ifeyo penapake pang'ono chabe,” adatero Fudia, akuthyola nkhuni pabondo.

Mbalu sadaseke. Adati nkhaniyi aitengera kwa akuluakulu a padoko, ndipo iye mwini adzaima ngati mboni. Yeabu adapukusa mutu. Kumeneko, adatero, adzafunsa funso limodzi lokha, ndipo yankho lake iye akulidziwa kale.

“Funso lanji?”

“Kola adabwera ndi dzanja la ndani.”

“Koma ndani sadziwa kuti mkazi sapereka kola padoko? Dzanja lidali lobwereka. Aliyense adadziwa.”

“Amene adadziwa ambiri agona kuseri kwa mzikiti, alamu.”

Sabata yotsatira kudafika Adikalie, mwana woyamba wa Santigie, pa njinga yamoto ya hayala. Ankagwira ntchito yonyamula mapepala kwa loya wina ku Freetown, ndipo adavala nsapato zosongoka zimene zinkamira mumchenga poyenda. Adapereka moni wautali kwa azakhali ake, nawafunsa za chisanu cha kunja, kenako adafotokoza yekha chimene njerwa zija zidabwerera. Msewu wa phula udali utafika. Asodzi ankataya nsomba zowola chifukwa chosowa ayezi. Iye adapeza munthu womuthandiza makina opangira ayezi, chimene chidatsala ndi malo a m'mphepete mwa madzi. Nsomba zikayamba kupita m'tauni zili zaziwisi, adatero, za utsizi azidzadya ndani?

Mbalu adamufunsa ngati bambo ake adamuuza kuti malowo ali ndi mwini.

“Azakhali, inu mwawerenga kuposa tonsefe, simungandivute,” adatero Adikalie akumwetulira. “Zimenezi zili ndi dzina lake m'malamulo.” Ndipo adalitchula, liwu limodzi la Chingerezi, lolemera, lonunkhira khoti, akulitafuna bwinobwino kuti bambo ake amve kumene fizi idapita. “Nyanja ikamasiya dothi pagombe pang'onopang'ono, mosaoneka ndi maso, malowo amakhala a mwini nthaka yoyandikana nayo. Abwana anga amatero. Ndiye mwini nyumbayi ndi adadi.”

Liwulo Mbalu ankalidziwa. Chingerezi chili nawo ambiri mawu onena za chinthu chimene chikuwonjezeka pang'onopang'ono, ndipo chaka chilichonse ankawaphunzitsa m'kachipinda kozizira kaja. Ena adachokera ku mpira wa chipale umene ana amagubuduza mpaka ukule kuposa iwo. Ena adachokera ku madzi odontha, ena ku chinthu chokwawa, ena ku fumbi lounjikana pa kabati, ena ku phiri limene munthu amakwera osazindikira kuti wakwera. Ankawakonda mawu amenewo, ankawatchula mokoma pamaso pa ophunzira ake otopa. Sadaganizepo kuti tsiku lina limodzi mwa iwo lidzakwera njinga yamoto kudzafufuta msana wa mlamu wake.

“Nyanja imasenza dengu, Adikalie?” adafunsa motsitsa mawu. “Imakhoma zikhomo? Pita ukavule duku mayi ako aang'ono uone paliwombo pawo, ubwere undiuze kuti ndi mafunde adameta pamenepo. Udakulira pa nsomba zawo iwe. Yunifolomu yako yoyamba idanunkha utsi wa m'chisakasa chija.”

“Zina anathiradi, sindikukana. Koma ndani angasiyanitse za m'dengu ndi za mafunde? Ngakhale woweruza sangathe.”

“Bambo ako angathe. Ankakhala pampando apa n'kumaonerera.”

Santigie, amene nthawi yonseyi ankakoka mikanda yake ya mapemphero, adati mwanayo wabwera ndi nzeru ndipo nzeru sakangana nazo ndi mkwiyo. Mbalu adamuuza kuti mikandayo aiike pansi akamanena bodza, poti nayo ili ndi makutu. Masana ake, pobwera kumsika, adapeza masutikesi ake ali pakhonde. Mkazi wa Santigie adamuuza, maso ali pansi, kuti kwabwera matumba a simenti ndipo sangakhale panja nyengo ino, ndiye abambo ati chipindacho achibwereke pang'ono chabe. Mbalu adakoka masutikesiwo mumchenga mpaka kuchipinda cha Yeabu. Fudia adamuyalira mphasa pakati pa bedi ndi khoma, nanena kuti tsopano azakhali alembedwa nawo m'gulu la zinthu zoikidwa.

Nkhaniyo idakambidwa Lachisanu anthu atatuluka mumzikiti, pansi pa denga la padoko pamene asodzi amasokera maukonde. Mwa akuluakulu amene adalandira kola uja padatsala mmodzi yekha, Roke, amene anthu ankamulemekeza ndi dzina loti Pa, kutanthauza bambo, nkhalamba yoseka msanga, maso ake atayera ndi ng'ala. Ena onse adali eni mabwato a masiku ano, amuna a mafoni awiriawiri, ndipo Mbalu adaona mmene adamulandirira Adikalie, kumusunthira malo pabenchi ndi kumufunsa kuti makinawo afika liti. Akazi adaima padzuwa kunja kwa mthunzi. Mbalu adalowa n'kukhala pabenchi wosaitanidwa. Wina adatsokomola, koma palibe adamuchotsa.

Iye ndiye adayamba. Adafotokoza za tsiku lija, za tsamba lokulungira kola, za khanda kumbuyo, nabwerezanso mawu a mchimwene wake. Pa Roke adagwedeza mutu mosangalala, ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale.

“Ndikukumbuka. Kola anali wofiira, wowawa bwino. Masiku ano amatibweretsera wofota.” Adatembenukira kumene akazi adaima. “Mayi a Fudia, muli pati? Tandiuzani, mwana wanga, kola ameneyo anafika pano ndi dzanja la ndani?”

Yeabu adayang'ana Mbalu kamodzi. “La alamu anga, Pa Santigie.”

“Ndi mmene ndikukumbukira inenso. Nanga iwe Santigie, mawu akunena mlongo wakowa unawanena?”

Mbalu adayembekezera kuti akana, ndipo adali atakonzekera kumulumbiritsa. Koma Santigie adatambasula manja ngati munthu wopanda chobisa.

“Ndinanena, Pa. Pamaliro munthu amanena zambiri. Mkazi akulira, khanda kumbuyo, mng'ono wanga nyanja sinamubweze, mukanafuna ndinene chiyani? Nthawi imeneyo kuseriko kunali matope oti ngakhale galu sangagonepo. Ndani akanadziwa kuti kudzakhala chonchi? Inenso ndili ndi mwana. Fudia akukwatiwa, apita kwa eni ake. Malo a banja lathu apite ndi mkamwini wosadziwika kwawo?”

“Sanali a banja lathu,” adatero Mbalu. “Anali a nsomba.”

Ena adaseka, koma kusekako kudatha msanga Adikalie ataimirira. Adalitchulanso liwu lija, nalimasulira monga adachitira kunyumba, n'kuwonjezera kuti nkhani ikapita kukhoti ndi mmene ikathere, ndipo padoko padzabwera anthu a boma ndi zingwe zoyezera kudzafunsa za malo a aliyense. Mbalu adaona nkhope za amuna aja zikumasuka. Sadafune kunena kuti wamasiye wanama, poti onse ankadziwa kuti sadaname. Sadafunenso kukhumudwitsa munthu wobweretsa ayezi. Tsopano adapatsidwa njira yoti palibe wanama, palibe walanda, dothi langobwera lokha. Mmodzi adayesa kulitchula liwulo, lilime lidamupindika, anzake adamukonza molakwikanso. Wina adati n'zoonadi, nyanja imatenga kuno n'kukasiya uko, iye adaziona yekha kwawo kwa mkazi wake.

Apo Mbalu adaimirira. Sadakuwe.

“Ndakhala kunja zaka zambiri ndikuuza anthu kuti kwathu munthu akaswa kola safunika pepala. Ankandiseka, ine n'kumawamvera chisoni. Inu nonse mwakhala pano akazi anu ankakhuthulira zigoba m'dengu la mayi awa kuti asavutike kukataya. Ana anu ankawaseka kuti ndi amisala, akufuna kukwirira nyanja. Lero mwamva liwu limodzi la Chingerezi loti ngakhale kulitchula simutha, mwaiwala zimene maso anu anaona. Nenani poyera kuti mukufuna ayezi. Nenani kuti mkazi wopanda mwamuna ndi wosavuta kumudya. Koma musanamizire nyanja.”

Kenako mwini mabwato wina, wamimba yaikulu, adafunsa mwaulemu kwambiri ngati Mbalu adalipo zaka zimene akunenazo. Iye adamva kuti adachoka khandalo lisadayambe kuyenda. Adaona madengu angati ndi maso awo?

Mbalu adaonadi madengu a chaka choyamba chokha.

“Ine ndinalipo,” adatero Fudia ali padzuwa paja. “Ndinayamba kusenza ndi chitini cha mkaka ndisanaphuke mano achiwiri. Anzanga akupita kusukulu ine ndimakhala m'matope mpaka m'chiuno kugwira zikhomo. Mundifunse ineyo za mafunde.”

Adamuuza kuti mtsikana wosakwatiwa salankhula padoko, ndipo mayi ake amulangize. Yeabu adamugwira mkono.

Akuluakulu adanong'onezana nthawi yochepa kwambiri. Pa Roke ndiye adanena chigamulo, mofatsa, ngati akupepesa. Padoko amadziwa dzanja limene lapereka kola, zapakhomo sazidziwa. Dzanjalo lidali la Santigie, ndiye malowo ali m'manja mwa Santigie. Za lonjezo, zimenezo ndi za iye ndi Mulungu wake. Adamupempha kuti chisakasa cha wamasiye achisiye pakadali pano, Santigie adavomera mwamsanga, dzanja lili pachifuwa. Kenako nkhalambayo idatembenukira kwa Yeabu ndi nkhope yachifundo chenicheni.

“Musataye mtima, mwana wanga. Kutsogolo kwa zikhomo zanu matope akadalipo ambiri, palibe wawapempha. Manja anu tikuwadziwa. Mukafuna kuyambanso, tumizani kola ndi mwamuna wa pakhomo panu, ife sitikana.”

Yeabu adaseka. Kudali kuseka kwakufupi, kouma, kamodzi kokha, ndipo adamangitsa duku lake n'kuyamba ulendo wobwerera kunsomba zake zisadapse. Mbalu adatsala ataima pakati pa amunawo. Adafuna kugubuduza benchi, adafuna kulavula. Amuna aja adali atayamba kale kumufunsa Adikalie kuti ayezi azidzagulitsa ndi ndowa kapena ndi thumba.

Madzulo a tsikulo Mbalu adauza Yeabu kuti apite kukhoti, loya amupeza yekha. Yeabu adafunsa kuti mlandu ukamazengedwa iwo azigona kuti, poti chipindacho chili m'nyumba ya munthu amene akumusumirayo. Adafunsanso kuti mboni ikhala ndani, popeza padoko ponse paona kale kuti ndi nyanja. Mbalu adakhala pa chigubu chija akuyang'ana khosi la mlamu wakelo, mmene lidafupikira, n'kumakumbuka mtsikana wamtali amene Sorie adabwera naye kuchokera kumtunda kwa mtsinje, amene ankaopa ngakhale kuponda m'madzi.

Omanga adafika Lolemba. Adakoka chingwe kuyambira pakhoma la khitchini, kuzungulira mitengo ya kokonati, mpaka kukhudza mzati wa chisakasa. Atayamba kukumba maziko adayamba kutukwana. Khasu lililonse linkagunda chinthu. Adatulutsa matayala, zigoba zogwirana ngati mwala, maukonde owola, nkhata zakale za nsanza, mapale a mbiya, thabwa la bwato lokhala ndi penti yabuluu. Kapitawo wawo adauza Santigie kuti aka n'koyamba kuona nthaka yopangidwa ndi manja kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo simenti ifunika yowonjezera. Santigie adati awonjezera.

Mbalu adaima m'mphepete mwa dzenjelo tsiku lonse. Mizere inkaoneka bwinobwino m'khoma la dothi, wakuda, woyera, wakuda, woyera, phulusa ndi zigoba, chilimwe pamwamba pa chilimwe. Adaitana Adikalie kuti adzaone nyanja yake mmene imayalira phulusa. Adikalie adati ali pafoni. Adaitana amuna awiri amene ankadutsa kuchokera padoko. Adasuzumira, nati zoonadi mayiwa adalimbika, n'kupitiriza ulendo. Yeabu sadabwere kudzaona. Utsi wa m'chisakasa udapitiriza kutuluka monga masiku onse.

Lachitatu kumwamba kudachita mdima, ndipo matumba ena a simenti adali panja. Santigie adazungulira kuseri kwa chisakasa kumene kudali malata a Fudia. Adati awabwereke avundikire simentiyo, mvula ikadutsa abweza, ndi pang'ono chabe. Fudia adasiya nkhuni zimene adanyamula, napita kukakhala pamwamba pa malatawo, miyendo atatambasula.

“Ayi, bambo aakulu.”

“Wati chiyani?”

“Ndati ayi. Limodzi lomwe ayi.”

Santigie adayang'ana Yeabu kuti amudzudzule mwanayo. Yeabu adatembenuza nsomba. Santigie adayang'ana Mbalu, Mbalu adamuyang'ananso mpaka iye adachotsa maso. Adabwerera akung'ung'udza za ana a masiku ano, nakafunafuna lona kwa anansi. Mvula idagwa Fudia ali pomwepo, madzi akutsika m'masaya, ndipo sadasunthe mpaka idakata. Mawa lake mwamuna wake uja adabwera ndi ngolo yokankha, namanga malatawo ndi chingwe. Adati mayi ake avomera kuti awiriwo akayambire m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo, kutsidya kwa mtsinje.

Maziko adathira Loweruka. Santigie adapha mbuzi, naitana a padoko kudzadya, ndipo Pa Roke adabwera atagwidwa dzanja, nadalitsa ntchitoyo. Simenti isadaume, Santigie adatola msomali, nagwada, n'kulemba pakona dzina la mwana wake.

Malo onse amene Yeabu adalanda kunyanja kuseri kwa nyumbayo adakhala a Adikalie.